Kabokosi ka ma practical a osmosis ndi diffusion, ine ndapereka nyenyezi zitatu

Ndakagwiritsa ntchito teremu yonse yathayi ndiye ndati ndilembeko, kuti aphunzitsi anzanga a Biology makamaka inu a m'ma CDSS mudziwiretu musanatulutse ndalama. Ine ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya kumudzi ku Ntcheu kuno, labu tilibe, tili ndi kakabati kamodzi mu ofesi ya ahedi momwe muli ma test tube owerengeka ndi mabiika atatu, lina losweka kukamwa. Ana athu amafika pa mayeso a MANEB asanaionepo ndi maso Visking tubing, kapaipi kopyapyala ngati pulasitiki komwe kamalola tinthu ting'onoting'ono tokha kudutsa, amangodziwa kachithunzi kanga ka choko pa bolodi, ndiye chaka chino ndinati ayi, tiyeseko.

Ndinaitanitsa ku shopu ina ya zipangizo za sayansi ku Blantyre, ndalama kutumiza pa foni, katundu kubwera pa basi patatha masiku anayi. Ndikutsegula katoni fungo la ayodini kundilandira. Botolo sanalitseke bwino, pafupifupi theka anatayikira mkati mpaka kunyowetsa kapepala ka malangizo. Choseketsa nchakuti pepalalo linachita kuda bii, mtundu uja wa blue-black, kusonyeza kuti m'mapepala muli sitachi, ndiye practical yoyamba inachitikira mu katoni momwemo mwana ngakhale mmodzi asanaione. Ndinawaimbira, bambo amene anayankha anapepesa mwaulemu ndithu, amvekere titumiza lina sabata ya mawa aphunzitsi. Teremu yatha.

Mkati munali Visking tubing ya mamita awiri, ayodini uja, Benedict's (mankhwala oyezera glucose), timibulu ta potassium permanganate, kapaketi ka glucose, ka sitachi, ma dropper, ulusi, thermometer imodzi ndi cork borer imodzi, kachitsulo koboolera tizidutswa tozungulira.

Tubing ndiye ndalama zanga zinagwira ntchito pamenepa. Imabwera youma yophwathalala ngati kapulasitiki wamba, ndipo malangizo sananene kuti uyambe waiviika m'madzi kwa mphindi zingapo kenako uitikite ndi zala kuti itseguke, moti gulu loyamba linang'amba tiwiri polimbana nato ndi zikhadabo. Mukaidziwa ndiyosavuta. Mumanga mbali imodzi ndi ulusi, kuthiramo madzi a sitachi, kumanga mbali inayo, kenako tsukani kunja kwake bwinobwino, apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa chifukwa kadontho kamodzi ka sitachi kakatsala kunja madzi onse a m'biika amada ndipo phunziro lafa basi. Tinaimiza m'madzi othira ayodini, osakwana mphindi 20 mkati mwa tubing munayamba kuda pomwe madzi a kunja anali achikasu chomwecho. Kalasi inati zii. Kenako mtsikana wina wa kumbuyo, yemwe chaka chonse sanakwezepo mkono, anafunsa kuti aphunzitsi ndiye kuti ayodini walowa koma sitachi yakanika kutuluka chifukwa ndi yaikulu? Abale ine ndakhala ndikulembetsa manotsi a partially permeable membrane zaka ndi zaka koma palibe mwana anandiuzapo zimenezi ndi pakamwa pake.

Ya glucose inayendanso bwino. Tinathira madzi a glucose mu tubing nkuimiza m'madzi, kenako tinatunga madzi a kunja kwa tubing, kuthira Benedict's, ndipo poti gasi tilibe tinaika ma test tube mumphika wa madzi pa mbaula ya makala, panja pa khonde. Anachoka ku buluu kupita ku girini kenako olenji, kusonyeza kuti glucose wadutsa. Vuto ndi kuchepa kwake, kapaketi kameneka kwa ana oposa 70 ndi nthabwala. Katatha gulu lina linangotenga shuga wa tiyi ku staff room osandiuza, Benedict's osasintha mtundu olo pang'ono, ana nkumati mankhwala ndi otha mphamvu. Ayi mankhwala analibe mlandu, shuga wa tiyi ndi sucrose, si reducing sugar ngati glucose, ndiye sasintha mtundu wa Benedict's. Glucose wa ufa amapezeka m'ma shopu ndi ku famase, gulani wanu padera.

Komanso mamita awiri mukamadula masentimita 15 mumapeza tizidutswa 13 tokha, chotsani tiwiri tong'ambika tija. Ndinayesa kutsuka nkuyanika kuti ndidzagwiritsenso ntchito ndi kalasi ina, tina tinayamba kudontha.

Permanganate palibe chodandaula, kambulu kamodzi pansi pa biika mtundu wa pepo nkumafalikira pang'onopang'ono, bola madzi akhale bata ndipo ana asagwedeze desiki, zomwe ndi zovuta kuposa practical yeniyeniyo. Amadetsa zala, musawapatse m'manja.

Za mbatata ndiye sindikuona chifukwa chogulira kabokosi. Kachewere kuno ndi kwawo, ku Tsangano uko ali mbwee, mchere uli m'nyumba iliyonse. Cork borer inathandiza kuti tizidutswa tikhale tofanana kunenepa koma imodzi yokha magulu khumi kumalandirizana, theka la period linathera pa mzere. Tinadula masentimita 5 kalikonse, tina m'madzi opanda kanthu tina m'madzi a mchere wambiri, pomafika masana ta m'madzi abwino tinali gwa ndipo tatalikirako pang'ono, ta mu mchere tafupika nkukhala lobodo ngati labala. Ndinangowafunsa kuti mayi anu akawaza mchere pa kabichi wodula madzi aja amachokera kuti, nanga feteleza mukamuunjika pa tsinde penipeni chimanga chimapsa bwanji, onse anamva osmosis tsiku limenelo. Distilled water mu kabokosi mulibe ngakhale malangizo akumutchula paliponse. Madzi a pa mjigo wathu ali ndi kamchere, ndiye ndinakagula a batire aja ku filling station. Onetsetsani kuti akupatsani distilled water osati asidi chonde.

Pomwe ndinakhumudwa kwambiri ndi pa beetroot, practical yoona momwe kutentha kumatulutsira mtundu wake wofiira m'ma cell. Malangizo anawalembera sukulu za magetsi ndi labu yeniyeni, akuti ikani mu water bath ya magetsi kenako muyeze mtundu ndi makina otchedwa colorimeter, ife tizitenga kuti zimenezo? Beetroot yemweyo ndinachita kukamugula mtauni. Tinapanga zathu, mphika pa mbaula, kusakaniza madzi otentha ndi ozizira mpaka thermometer ionetse 30, 50 ndi 70, koma ndi thermometer imodzi ukamayeza kuno uko madzi azizira kale. Chinanso chomwe sanalembe, mukadula beetroot mutsukeni mpaka madzi asiye kufiira, chifukwa mpeni umang'amba ma cell a m'mbali ndipo mtundu umatuluka kale musanatenthetse nkomwe. Titatero zinaoneka ndithu, tinaika ma test tube kutsogolo kwa pepala loyera, ya 30 madzi pafupifupi oyera, ya 50 kufiirira pang'ono, ya 70 psuu ngati magazi. Kutentha kumaononga mapuloteni a mu membrane ndiye mtundu wofiira uja womwe umakhala mu vacuole umangotayikira kunja. Mbali ina yoviika beetroot mu ethanol sitinapange bwino, mu kabokosi mulibe, ndipo spiriti ya m'ma shopu ija ili kale ndi mtundu wa pepo ndiye sudziwa kuti mtundu wachokera ku beetroot kapena ku spiriti. Mnyamata wina amvekere aphunzitsi ndibweretse kachasu wa agogo mawa, kalasi yonse phwete, ndinakana ine, ndikanakawafotokozera chiyani ahedi ndi a komiti.

Teremu ikubwerayi ndiitanitsa tubing yokha mamita asanu, Benedict's botolo lalikulu ndi ma thermometer atatu, zinazo ndizipeza pa msika. Ndipo ndiwauziratu kuti mabotolo awakulunge mu jumbo payekhapayekha asanawaike mu katoni, nkuwakumbutsanso za ayodini wanga uja.