Ndemanga: mapeleti a JSB Exact a 4.5mm, ndi amene ndigule akatha amenewa

Anzanga amene muli ndi mfuti za mpweya kuno ku Zomba, ndati ndikuuzeniko za chitini cha JSB Exact chimene chatsala pang'ono kundithera. Mapeleti amenewa, tizipolopolo ta mtovu ta mfuti za mpweya, amapangidwa ku Czech Republic, m'chitini amakhalamo 500, ndipo lililonse limalemera magreni 8.44, kungopitirira pang'ono theka la galamu. Anandigulira ndi alamu anga ku Johannesburg, poti m'masitolo a m'tawuni muno ine sindinawaonepo.

Mfuti yanga ndi ya sipulingi, yothyola pakati ija. Ndimalasa mapepala nditawamata pabokosi patsogolo pa chulu, kuti peleti likaphonya lilowe m'dothi, komanso ndimalimbana ndi makoswe a m'nkhokwe ndikapita kumudzi cha ku Jali.

Chimene chandigwira mtima ndi kufanana kwake. Mukatsanulira pang'ono m'manja, mutu wake ndi wobulungira bwino, pakati ndi powonda, kumbuyo kotambasuka ngati siketi, ndipo palibe la zinyenyeswa m'mbali. Mukamalikankha ndi chala kulowa mumpope wa mfuti, kuthina kwake n'kumodzimodzi, loyamba mpaka lomaliza. Apa m'pamene pagona nkhani. Mpweya ukawomba, kumbuyo kuja kumafufuma n'kugwira timizere ta m'kati mwa mpope, peleti n'kutuluka likuzungulira. Otchipa opanda dzina amene ndinkagwiritsa ntchito kale, lina limangogwera m'kati, lina lofuna kukankha mpaka chala kuwawa, ndiye papepala mabowo amangoti balala. Ndi awa, pa mamita 20, mabowo amaunjikana pamodzi moti ndalama yachitsulo imawaphimba. Khoswe naye safunika kumuvulaza n'kumusiya akuvutika, afe kamodzi.

Mtovu wake ndi wofewa, choncho amafuna kuwasamala. Mukawaponya m'thumba pamodzi ndi makiyi, kumbuyo kumapindika, ndipo lopindika musalitaye nthawi, lipita kwina. Ine ndinaika kansalu m'chitini kuti asamagundane pa kabaza. Mukatha sambani m'manja ndi sopo, musamawaike pakamwa monga ndimaonera achinyamata ena, ndipo otha ntchito muzitola, nkhuku zingatole.

Tsono chimene chandisowetsa tulo ndi choti ndiitanitse ati. Mu June ndi July mphepo yotsika m'phiri imakankhira peleti pambali, ndiye mtima unali pa JSB Exact Heavy a magreni 10.34, amene mphepo siyiwasuntha kwambiri. Koma olemera amayenda pang'onopang'ono ndipo amagwa msanga, ndiponso amayenera mfuti zamphamvu kuposa yangayi. Ndinaganizanso za amutu wafulati, aja amagwiritsa ntchito pa mpikisano wa mamita 10 ku Olympics. Amaboola pepala bwinobwino, bowo lake loyera, koma mtunda ukatalika amayamba kusochera, ndipo ine sindilasa pafupi choncho.

Ena akundiuza kuti ndingogula mfuti ya 5.5mm. Ayi, pa makoswe ndi mapepala 4.5mm ikukwana, ndalama imeneyo ndi ya feteleza.

Ndatsimikiza chonchi: chitini china cha Exact omwewa, a mutu wokula 4.52mm amene mpope wanga wagwirizana nawo, ndi chimodzi cha H&N Field Target Trophy a ku Germany, a magreni 8.64, kuti ndiwayese tsiku limodzi, mtunda umodzi. Mpope uliwonse uli ndi peleti lake, amene akoma kwa ine mwina kwa inu sangatero, choncho musagule zitini zambiri musanayese. Amene mukufuna kuyamba kumene, fikani kaye kupolisi mufunse za chiphaso. Ngati alipo wina ku Matawale kapena ku Chinamwali amene ali ndi a magreni 10.34, tisinthaneko ochepa, ine ndimupatsa angawa.