Copper oxychloride m'munda wa tomato ndi mbatata: zomwe ndaona pa nyengo zitatu za mvula

Ndagwiritsa ntchito mankhwala a copper oxychloride m'munda wanga wa tomato ndi mbatata ya kachewere kwa nyengo zitatu za mvula, ndipo tsopano ndikhoza kufotokoza molimba mtima zomwe amachita ndi zomwe sangathe. Amabwera ngati ufa wobiriwira wothira m'madzi, ndipo mtundu womwe ndimagwiritsa ntchito uli ndi mkuwa wokwana 50 peresenti. Kuona kwanga, ndi mankhwala odalirika kwa mlimi amene amapopera matenda asanafike, koma amagwiritsa mwala aliyense amene amadikira kuti ayambe waona masamba akupsa.

Chifukwa chake chili m'kagwiridwe kake ka ntchito. Fangasi (tizilombo ta mtundu wa nkhungu) wambiri wodwalitsa mbewu amafala kudzera mu timbewu ting'onoting'ono touluzika ndi mphepo kapena tothovukira pa masamba ndi madontho a mvula, ndipo kambewu kotere kamafuna tsamba lonyowa kuti kamere n'kuboola. Mankhwalawa akauma pa tsamba amasiya kansalu kopyapyala ka mkuwa, ndipo tsambalo likanyowa mkuwa umasungunuka pang'onopang'ono n'kupha timbewuto tisanalowe. Iwo salowa m'kati mwa mbewu, choncho fangasi amene walowa kale amapitiriza kudya osasokonezedwa, ndipo tsamba lomwe laphuka kupopera kutachitika limakhala lopanda chitetezo chilichonse. Kwa tomato, yemwe amatulutsa masamba atsopano sabata iliyonse akakhala pa msinkhu wokula, mfundo imeneyi ndi yaikulu kwambiri.

Nzeru yopopera mkuwa ndi yakale. Pierre Millardet, katswiri wa zomera wa ku France, anaona kuti mphesa za m'mbali mwa msewu m'dera la Bordeaux, zomwe eni ake ankaziwaza mankhwala ena a mkuwa otchedwa copper sulphate ndi laimu pofuna kuopseza anthu oba, sizinkagwidwa ndi matenda monga zinzake, ndipo mu 1885 analengeza za msanganizo womwe mpaka lero umadziwika ndi dzina la deralo. Chomwe chimandichititsa ulemu ndi chakuti patapita zaka zoposa 130 mkuwa ukugwirabe ntchito pa fangasi, chifukwa umawononga mbali zambiri za moyo wake nthawi imodzi ndipo kumamuvuta kuti auzolowere. Mankhwala ambiri olowa m'kati mwa mbewu amamenya fangasi pamalo amodzi, ndipo ena mwa iwo, otchedwa metalaxyl, atangoyamba kugwiritsidwa ntchito, chiwawu chosamva mankhwalawo chinapezeka m'minda ya mbatata ku Ireland ndi ku Netherlands mu 1980.

Pa chiwawu choyambitsidwa ndi Alternaria solani, chomwe chimayambira masamba a m'munsi ndi madontho oderako okhala ndi mizere yozungulira, ndinakhutira ndithu. Mizere ya tomato yomwe ndinkapopera masiku 7 mpaka 10 aliwonse inakhala ndi masamba mpaka pokolola, pomwe mzere umodzi womwe ndinausiya dala kuti ndiyerekeze unayoyoka masamba a m'munsi zipatso zisanakhwime.

Chiwawu chinacho, cha Phytophthora infestans, chinandiphunzitsa mowawa. M'chaka choyamba kunagwa mvula yamvumbi kwa masiku angapo kukuzizira, ndipo ine ndinatenga sipuleya nditaona kale zigamba zakuda zonyowa pa masamba a mbatata, kunsi kwake kuli nkhungu yoyera. Ndinapopera kawiri, koma pasanathe sabata ziwiri gawo lalikulu la mundawo linali litapserera, ndipo vuto linali kuchedwa kwanga. Akatswiri amati kachilombo kameneka si fangasi weniweni ngakhale kamafanana naye m'makhalidwe, koma liwiro lake ndi lodziwika, popeza ndi komwe kanawononga mbatata ku Ireland kuyambira mu 1845 pa njala yomwe inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni. Zaka ziwiri zotsatirazo ndinayamba kupopera mvula itangokhazikika, mbewu zikadali zathanzi, ndipo chiwawu chitafika chinangogwira masamba ochepa omwe ndinawathothola n'kuwakwirira kutali ndi munda.

Kasungunulidwe kake kamafuna kuleza mtima. Ufawu susungunuka kwenikweni, umangoyandama m'madzi, ndipo sipuleya ikakhala pansi kwa kanthawi umadikha n'kutseka sefa ndi potulukira mankhwala. Ndinaphunzira kuyamba ndauponda m'madzi ochepa mpaka ukhale ngati phala, kenako n'kuuthira m'sipuleya ndi kumakhutchumula pafupipafupi. Mvula yamphamvu ikagwa imakokolola mankhwala ambiri, ndipo pamafunika kubwereza. Ndinaonanso kuti kupopera kukuzizira, masamba akuchedwa kuuma, kumawaula nsonga za masamba anthete, ndipo chimodzimodzi chimachitika munthu akapyola muyeso wolembedwa pa paketi kapena akasakaniza ndi mankhwala ena a asidi. Dandaulo langa kwa opanga ndi lakuti malangizo a pa paketi yomwe ndinagula analembedwa m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo sanatsindike zopopera kunsi kwa masamba, komwe chinyezi chimakhalitsa.

Pali matenda omwe mankhwalawa sawakhudza n'komwe. Tomato akafota chifukwa cha Fusarium oxysporum, fangasi wokhala m'nthaka yemwe amalowera ku mizu n'kutseka njira za madzi m'tsinde, kupopera masamba ndi kutaya mankhwala, ndipo chothandiza ndi kasinthasintha wa mbewu komanso kubzala mitundu yopirira. Pa matenda oyeretsa masamba ngati athiridwa ufa, salifa amachita bwino kuposa mkuwa.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nthaka. Mkuwa suwola, umangowunjikana chaka ndi chaka m'dothi la pamwamba, ndipo ukachuluka umapha nyongolotsi ndi tizamoyo tina tothandiza kuti manyowa awole. Ndi woopsanso kwa nsomba, choncho sipuleya sayenera kutsukidwa mumtsinje kapena pafupi ndi dziwe. Maiko a European Union anaika malire kuyambira mu 2019 oti mkuwa wopoperedwa usapyole makilogalamu 28 pa hekitala m'zaka 7, kutanthauza makilogalamu 4 pa chaka. Ine ndinayamba kulemba m'kabuku tsiku ndi muyeso wa kupopera kulikonse, ndimatalikitsa mipata ya mbewu ndi kuzimangirira ku mitengo kuti mphepo iziumitsa masamba msanga, ndipo kukakhala ng'amba sindipopera konse. Mvula ikubwerayi ndidzagulanso paketi ina, koma yaing'ono kuposa ya chaka chatha.