Trivy: chida chofufuzira mapakeji amene timabwereka

Ndimalemba mapulogalamu kuno ku Mchinji, ambiri ndi a magulu a alimi a soya ndi mtedza. Mumakhala mayina a alimi, manambala awo a foni, matumba amene abweretsa ndi ndalama zimene alandira. Zinthu zotere si zoseweretsa. Komabe khodi yolemba ndekha ndi yochepa. Yambiri ndi mapakeji, zidutswa za khodi zolembedwa ndi ena, obwereka ku npm, nkhokwe ya mapakeji a JavaScript, ndipo pakeji iliyonse imabwera ndi anzake. Mukatsegula package-lock.json, fayilo yolembamo mapakeji onse a pulojekiti, mupezamo mayina mazanamazana oti simunawamvepo.

Trivy, yopangidwa ndi Aqua Security, ndi yaulere ndipo khodi yake ili poyera pa GitHub. Mukalowa mu foda ya pulojekiti mumangolemba trivy fs --scanners vuln,license . basi. Imatulutsa tebulo losonyeza pakeji, nambala ya CVE (nambala imene vuto lililonse lodziwika la chitetezo limapatsidwa), kukula kwa vutolo kuyambira LOW mpaka CRITICAL, ndi veshoni imene vutolo linakonzedwa. Mzere womalizawu ndi umene ndimaukonda kwambiri, chifukwa ukusonyeza chochita. Anzanga amene munalipo mu Disembala 2021 mukukumbukira za Log4j, pakeji ya Java imene inapezeka ndi vuto lalikulu la chitetezo: anthu ambiri sankadziwa n'komwe kuti ali nayo, inalowa kudzera m'mapakeji ena. Trivy imafukula zobisika zoterezi.

Chimene chikutiyenera ife akuno ndi chakuti imagwira ntchito pa laputopu yanu, khodi ya kasitomala simuitumiza kulikonse. Poyamba imakoka database ya mavuto odziwika, ndiye konzekerani bandulo. Ine ndimakokera pa boma pomwe netiweki ili bwino, ndikapita kumudzi ndimawonjezera --skip-db-update kuti isayese kuikokanso. Musangoiwala kuti database yakale sidziwa mavuto atsopano.

Pa malayisensi, malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka khodi ya eni ake, pamafunika mutu wanu. Trivy imaika layisensi ya AGPL m'gulu loletsedwa ndi GPL m'gulu lofuna kusamala, pomwe MIT ndi Apache 2.0 zimangofuna kuti musachotse mawu a eni ake. Izi sizikutanthauza kuti GPL ndi yoipa ayi. Nkhani ndi yakuti mukagawira ena pulogalamu yomangidwa pa khodi ya GPL, muyeneranso kuwapatsa khodi yanu pa layisensi yomweyo. AGPL imafika ngakhale kwa amene akungogwiritsa ntchito pulogalamu yosinthidwayo kudzera pa intaneti. Kaya gulu la alimi likuvomera zimenezi kapena ayi, chida sichingakuyankheni; mukhale pansi ndi atcheya ndi alembi muwafotokozere m'Chichewa chomveka. Dziwaninso kuti pa npm malayisensi amaoneka bwino ngati foda ya node_modules, momwe npm imaikamo mapakeji, ilipo, choncho yambani mwachita npm install.

Si mzere wofiira uliwonse wa pa tebulo umene uli ngozi pa pulogalamu yanu. Mavuto ena ali m'mbali ya pakeji imene simuigwiritsa ntchito, ndipo kusiyanitsa kumadya nthawi. Ngakhale zili choncho, ine sindiperekanso pulogalamu kwa gulu lililonse ndisanaidutsitse mu Trivy, ndipo lipoti lake ndimalisindikiza n'kulisiya m'fayilo ya gululo kuti wodzakonza pambuyo panga adziwe poyambira.