Miyezi 10 ndikuuluka ndi Pietenpol yopanga ndekha

Papita miyezi 10 chiulukireni ndege yanga koyamba, ndipo m'buku la maulendo mwalembedwa maola 62. Ndi Pietenpol Air Camper, ya anthu awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, yopanda denga, phiko lili pamwamba pa mutu ngati ambulera. Inanditengera zaka 6, kugwira madzulo ndi Loweruka. Amene mwakhala mukundifunsa ngati ndingaisankhenso, yankho ndi inde, koma pali malo awiri amene ndinapunthwa.

Ndinaisankha chifukwa cha thumba. Bernard Pietenpol anaipanga ku Minnesota chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, n'kuikamo injini ya galimoto ya Ford Model A, cholinga chake munthu wamba athe kuipanga ndi zida za ukalipentala. Ndege za kit, zimene umagula ziwalo zopangidwa kale n'kungolumikiza, monga za makampani a Van's kapena Zenith, zimatha msanga, koma zimafuna ndalama zambiri nthawi imodzi. Ine ndinagula mapulani okha, matabwa n'kumagula pang'onopang'ono monga mwezi walolera. Nthiti za phiko ndinkapanga imodzi pa tsiku: timitengo ta mtengo wotchedwa spruce toonda ngati pensulo, kutipinda pa chikombole, guluu wa T-88, kenako tizidutswa ta pulayiwudi pa mfundo iliyonse. M'mawa ndinkaichotsa, kuiyang'ana padzuwa, kuipachika pa msomali. Mwezi wopanda ndalama ntchito sinkaima, chifukwa nthiti sizidya zambiri. Pa mitanda ikuluikulu ya phiko pokha sindinaumire, ndinabweza thabwa limodzi chifukwa mizere yake inali yopendekera.

Popunthwa poyamba panali pa injini. Ndinagula Continental A-65 yakale, ya mphamvu ya mahatchi 65, pamtengo wokoma, kwa munthu amene buku lake la injiniyo linali ndi zaka zingapo zosalembedwa kanthu. Ndinaona, koma mtima unali utathamanga kale. Makaniko ataitsegula tinapeza dzimbiri m'masilinda awiri, chifukwa inangokhala nthawi yaitali osalizidwa. Kukonza kwake kunadya ndalama zoposa matabwa ndi nsalu zonse pamodzi. Injiniyo payokha ndi yabwino, chikonzereni sinanditsokomolerepo m'mwamba. Cholakwa chinali changa, kugula ndisanaitanitse wodziwa kuti aone mkati.

Pachiwiri ndi kulemera, ndipo apa ndikupemphani mumvetsere. Titaikweza pa masikelo atatu, awiri ku mateyala akutsogolo, imodzi kumchira, masamu anaonetsa kuti ndikakhalamo ine ndege ikulemera kumbuyo kupyola malire. Chifukwa chake n'chodziwika kwa opanga ndegeyi: A-65 ndi yopepuka kuposa injini ya Ford ija, ndipo woyendetsa amakhala mpando wakumbuyo. Ine ndinaonjezera vutolo popaka penti wochuluka kumchira kuti kuwale. Ndege yolemera kumbuyo ikachepa liwiro imavuta kugwetsa mphuno, ndipo zimenezi zimapha. Mwayi wake, phiko la Pietenpol limakhala pa timizati tomwe ungatipendeketse, choncho ndinalisunthira m'mbuyo pang'ono, kudulanso mawaya, kuyezanso. Panapita miyezi iwiri. Ndikanakhala ndikuyeza chiwalo chilichonse kuyambira pachiyambi, sindikanafika pamenepo.

Za malamulo, funsani a boma oyang'anira za ndege musanadule thabwa loyamba. Ku America amafuna kuti gawo lalikulu la ntchito, lomwe anthu amangoti 51 peresenti, likhale la manja anu, ndipo nthawi zambiri pamakhala maola 25 kapena 40 oyesa ndege musananyamule munthu. Zithunzi ndi kabuku ka ntchito ya tsiku ndi tsiku zinandithandiza kwambiri pa tsiku limene oyang'anira za ndege anadzaiyendera. Ulendo woyamba ndinaupereka kwa woyendetsa wozolowera ndege za teyala lakumchira, ine n'kuima pansi miyendo ikunjenjemera.

Nanga pano ikuyenda bwanji? Pang'onopang'ono, makilomita pafupifupi 115 pa ola, mafuta malita 15 pa ola kapena kuposera pang'ono. Ilibe sitata, injini umailiza pozunguza pulopela ndi manja, mateyala utawatsekera ndi mchira utaumanga. Kumwamba kumazizira ngakhale pansi kukutentha, ndipo mphepo ikamaomba cham'mbali sindiitulutsa n'komwe. Kulowa mpando wakutsogolo ndi nkhondo, mkazi wanga amachita kupinda thupi pakati pa mawaya, koma akakhala pansi safunanso kutsika. Chomwe sindinachiwerengere ndi lendi ya shedi ndi inshuwalansi. Ndege ya matabwa ndi nsalu siigona panja, ndiye ndalama imeneyi imatuluka mwezi ndi mwezi, uuluke usauluke.

Sabata yatha ndinapeza waya mmodzi wakumchira atakhwefuka pang'ono ndi kadontho ka oyilo pansi pa silinda yakumanzere. Waya ndamanga kale. Oyiloyo tikamuone Loweruka ndi makaniko uja, ndipo mpaka tipeze kumene akuchokera, ndege ili m'shedi.