Kachubu ka ana ka zithunzi kapena chubu cha banja lonse: tigule chiti?

M'masitolo akuluakulu a pa Kasungu boma, pashelefu ya sopo ndi mafuta odzola, mumapezeka timachubu ta mankhwala otsukira mano ta ana. Timakhala ta 50 ml, tojambulidwa zidole, tonunkhira sitiroberi, ndipo mukayerekeza kukula kwake ndi mtengo, timadula kuposa chubu chachikulu cha 100 ml. Makolo ambiri amagula poganiza kuti chinthu cholembedwa kuti ndi cha ana ndiye chabwino kwa mwana. Timachubu tina n'tabwinodi, koma tina n'kutaya ndalama, ndipo kusiyana kwake simungakuone kutsogolo kwa katoni.

Tembenuzani chubucho muwerenge timalemba ta kumbuyo. Mufune mawu akuti fluoride ndi nambala yotsatana ndi zilembo ppm, yomwe imasonyeza kuchuluka kwa fluoride m'mankhwalawo. Fluoride ndiye amene amalimbitsa chikuto choyera cha dzino kuti asidi wochokera ku shuga asachidye. Kuti agwire ntchito pafunika 1000 ppm kapena kupitirira apo. Timachubu tina ta ana timalembedwa 500 ppm, tina palibe n'komwe fluoride. Timeneti timatulutsa thovu, m'kamwa mumanunkhira bwino, koma dzino limabookabe. Machubu ambiri a akuluakulu, monga Colgate wofiira uja amene ali m'golosale iliyonse, amakhala ndi 1450 ppm. Muonenso tsiku lothera ntchito, limadindidwa kumchira kwa chubu. Katundu wa pabenchi wokhalitsa padzuwa amatuluka madzi okha poyamba kufinya, musiyeni ameneyo.

Ubwino weniweni wa kachubu ka ana ndi kakomedwe. Mankhwala a akulu amawawa pa lilime, mwana wa zaka ziwiri amaluma mswachi n'kukana. Koma kukoma komweko ndi vuto, chifukwa mwana amameza ngati switi, mwinanso kukabisala nako kuseri kwa nyumba n'kumanyambita. Kumeza mankhwala ambiri kwa nthawi yaitali, mano achikulire akadali kupangika m'nkhama, kumawasiyira timawanga toyera. Choncho chubu chizikhala pamwamba, ndipo wofinya akhale wamkulu.

Pa muyeso ndi pamene ambiri amalakwitsa. Dzino loyamba limamera mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo kutsuka kumayambira pomwepo. Mpaka zaka 3, mungopaka pang'ono ngati njere ya mpunga. Kuyambira zaka 3 mpaka 6, ngati njere ya nandolo. Kudzaza mswachi wonse monga amachitira pa zotsatsa malonda n'kungomaliza chubu msanga. Mukatsata muyeso umenewu, chubu cha banja chikwanira mwana popanda vuto. Atsuke kawiri pa tsiku kwa mphindi ziwiri, ndipo kutsuka kofunika kwambiri ndi kwa usiku, chifukwa munthu akagona malovu amachepa. Akamaliza alavule basi, asachukuche ndi madzi. Izi zimawadabwitsa anthu, koma kuchukucha kumachotsa fluoride yemwe mwagula uja.

Pamene ndalama siyenera kuumiridwa ndi pa mswachi. Mutu wake ukhale waung'ono, tsitsi lofewa. Timiswachi totchipa ta pamsika tambiri n'touma, timatupula nkhama magazi, mwana n'kuyamba kudana nako kutsuka. Tsitsi likayamba kutambasukira m'mbali, kapena pakatha miyezi itatu, gulani wina. Aliyense wake. Mwana asanafike zaka 7 dzanja lake silifika bwino kumapeto kwa chibwano, ndiye mayi kapena bambo aime kumbuyo kwake, amupendeketse mutu, amutsuke. Kumapeto kwa chibwanoko n'kumene kumamera dzino lalikulu lachikulire pa zaka 6. Limabwera popanda lina kuguluka, makolo amaliyesa la ubwana, ndipo ndi limene limabooka kawirikawiri.

Chubu chilichonse chili ndi malire ake. Mwana amene tsiku lonse ali ndi switi, mafirizesi a pageti la sukulu ndi sobo, mano ake amakhala mu asidi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chowononga kwambiri ndi kubwerezabwereza, osati kuchuluka kwa shuga kokha, ndiye zotsekemera zizidyedwa pa nthawi ya chakudya. Khanda lisagone ndi botolo la tiyi wa shuga kukamwa.

Ndipo dzino likabooka, mankhwala otsukira sangalitseke. Mukaona kadontho kakuda, kapena mzere woyera ngati choko m'mphepete mwa nkhama, pitani ku gawo la mano pa chipatala cha boma cha Kasungu lisanayambe kuwawa. Bowo likakhala laling'ono dzino limamatika, koma tsaya likatupa nthawi zambiri chotsala n'kuzula. Dzino la ubwana likazulidwa nthawi isanakwane, oyandikana nalo amatsekera malo, lachikulire n'kumera mopingasa.

Kachubu ka ana gulani pokhapokha palembedwa 1000 ppm kapena kupitirira, ndiponso ngati mwana akukaniratu mankhwala a akulu. Kupanda apo tengani chubu cha banja, chenji yotsalayo mugulire kamswachi kofewa.