Maphunziro a kujambula maukwati ku msonkhano wa WPPI ku Las Vegas: phindu lake lili pati?

Msonkhano wa WPPI, womwe dzina lake lonse ndi Wedding and Portrait Photographers International, umachitika chaka ndi chaka mumzinda wa Las Vegas ku America, kawirikawiri chakumapeto kwa Febuluwale kapena m'mwezi wa Malichi. Kwa zaka zambiri unkachitikira ku hotela ya MGM Grand, kenaka unasamukira ku Mandalay Bay ndi ku The Mirage, ndipo The Mirage itatsekedwa mu 2024, msonkhano wa 2025 unachitikira ku hotela ya Rio mumzinda womwewo. Amaukonza ndi a kampani ya Emerald, omwenso ndi eni ake a magazini ya ojambula ya Rangefinder. Ngakhale kuti pamalopo pamakhala chionetsero chachikulu cha makamera ndi zipangizo, chimene munthu amalipirira kwenikweni ndi maphunziro, ndipo ndemanga inoyi ikukhudza maphunzirowo.

Maphunziro ake sali a mtundu umodzi. Alipo ochitikira m'zipinda zazikulu, momwe katswiri amaima kutsogolo n'kumaonetsa zithunzi zake pachinsalu, ndipo ambiri mwa amenewa munthu amalowa ndi tikiti yake ya msonkhano. Alipo ena a anthu ochepa, ena mwa iwo ochitikira panja, omwe amalipiridwa paokha ndipo malo ake amatha msanga. Akatswiri odziwika monga Jerry Ghionis wochokera ku Australia, Roberto Valenzuela ndi Susan Stripling akhala akuphunzitsa pamsonkhanowu, ndipo mayina otere ndi amene amadzaza zipinda zazikulu zija. Maganizo anga ndi akuti chipinda chachikulu chimapatsa munthu chilakolako cha ntchito, koma luso lenileni limalowa m'manja pamaphunziro a anthu ochepa, chifukwa chithunzi chokongola cha pachinsalu sichikuuza pamene wojambulayo anaima, chimene anazimitsa, kapena mawu amene anauza mkwatibwi asanadine batani.

Phunziro limodzi la anthu ochepa lingaonetse bwino kusiyanaku. Mphunzitsi analowa nafe m'chipinda wamba cha hotela, chokhala ndi kapeti yamaluwamaluwa ndi mababu achikasu kudenga, ndipo chinthu choyamba chimene anachita ndi kuzimitsa magetsi onse. Anafotokoza kuti kuwala kwa babu ndi kuwala kwa pazenera n'kosiyana mtundu, kotero zikasakanikirana, tsaya limodzi limatuluka lachikasu pamene linalo limaoneka ngati labuluu, ndipo pakompyuta zimenezi zimavuta kukonza. Kenaka anaimika mtsikana wovala diresi la ukwati pafupifupi mita imodzi kuchokera pazenera, osati moyang'anizana nalo koma chammbali, n'kumupempha kuti atembenuze nkhope pang'onopang'ono mpaka kadontho ka kuwala kataoneka m'maso onse awiri. Anakoka katani kuti atseke theka la zenera, ndipo mthunzi wa patsaya unazama nthawi yomweyo. Pamapeto anapempha mmodzi wa ife kuti agwire pilo woyera mbali yamdimayo, ndipo kuwala kobwerera kuchokera ku piloyo kunafewetsa mthunzi uja. Sanagwiritse fulashi, ndipo kamera imene inali m'manja mwake sinali yoposa imene ambiri a ife tinanyamula.

Za kaimidwe ka akwati anaziphunzitsa mwatsatanetsatane chimodzimodzi. Mkwatibwi aike kulemera kwa thupi pamwendo wakumbuyo, apinde pang'ono bondo lakutsogolo, ndipo zigongono zisamamatire kunthiti, kuti pakati pa mkono ndi chiuno paoneke kampata. Maluwa agwiridwe chapamchombo osati pachifuwa, chifukwa akakwera amabisa kusoka kwa diresi komanso amakweza mapewa. Dzanja la mkwati likakhala m'chiuno mwa mkwatibwi, zala zisangotulukira zokhazokha ngati za munthu wobisala. Chofunika kuposa zonsezi chinali kalankhulidwe kake. M'malo mouza munthu kuti aseke kapena amasuke, mphunzitsiyo amapereka chochita chimodzi chooneka, monga kukonza ndolo kapena kuyang'ana phewa lake, ndipo nkhope imamasuka yokha. Zinthu zotere n'zovuta kuzitola pavidiyo ya paintaneti, chifukwa pavidiyo palibe amene amaona chithunzi chako n'kukuuza kuti wadula dzanja pamfundo.

Gawo limene ambiri amalinyalanyaza, pamene kwa ine ndilo sukulu yaikulu ya msonkhanowu, ndi kuweruza kwa zithunzi zotsukidwa za pampikisano. Mpikisanowu unadziwika kwa nthawi yaitali ndi zithunzi za muyezo wa mainchesi 16 kwa 20, ndipo oweruza amagwira ntchito yawo poyera, anthu akuonerera. Chithunzi chimaikidwa pansi pa nyali, woweruza aliyense amachipatsa malikisi osapitirira 100, ndipo amene sakugwirizana ndi anzake amatha kutsutsa n'kufotokoza chifukwa chake. Pamkangano umenewu ndi pamene womvera amaphunzira kwambiri. Amamva kuti diresi lapsa ndi kuwala mpaka ulusi wa lesi sukuonekanso, kuti mtengo wakumbuyo ukuoneka ngati wamera pamutu wa mkwati, kapena kuti khungu lasalazidwa pakompyuta mopitirira muyezo. Munthu akakhala m'chipinda chimenechi kwa maola angapo, amayamba kuona zofooka zomwezo pazithunzi zake asanauzidwe ndi wina aliyense.

Wojambula wochokera kwathu ayenera kupita ndi mafunso ake, chifukwa zitsanzo zambiri zimachokera ku maukwati a ku America. Funso lalikulu ndi la mkwatibwi wakhungu lakuda amene wavala diresi loyera padzuwa la masana, monga zimakhalira akwati akamatuluka m'tchalitchi mwezi wa Okutobala. Kamera ikatsata diresi nkhope imada, ndipo ikatsata nkhope diresi limapsa. Yankho limene aphunzitsi amapereka n'lomveka ndipo limagwira. Jambulani mu RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yajambula, kuti zikonzedwe pakompyuta), tetezani choyamba kuyera kwa diresi, ikani dzuwa kumbuyo kwa akwati, kenaka bwezerani kuwala kunkhope ndi chinthu choyera kapena ndi fulashi yoima payokha chammbali. Apa m'pamene amafotokozanso kuti makamera ambiri amagwirizana ndi fulashi mpaka pa liwiro lotsegukira ndi kutsekeka kwa kamera la 1/200 kapena 1/250 ya sekondi, kotero wofuna kujambula padzuwa lenzi ili yotsegula kwambiri afunika fulashi yotha kugwira pa liwiro loposa pamenepo kapena galasi lochepetsa kuwala.

Zimene siziyenda bwino zikafika kwathu ndi za ndondomeko ya tsiku ndi za mitengo. Aphunzitsi ambiri amalankhula za ukwati wa alendo owerengeka, momwe wojambula amagwirizana ndi akwati kuti apatule nthawi yojambula dzuwa likamapendeka. Ukwati wa muholo yodzaza, momwe perekaniperekani amatenga masana onse, ndalama zikuuluka, achibale akuvina mozungulira akwati ndipo mafoni ali m'mwamba kutsogolo kwa lenzi, umafuna nzeru zina zomwe munthu sangazipeze ku Las Vegas. Mitengo imene amatchula ndi ya msika wawo, ndipo kuitengera kungangothamangitsa makasitomala. Komabe malangizo ena a bizinesi amagwira kulikonse: kulemberana pangano, kulandira gawo la ndalama tsiku lisanafike, kujambula pamakhadi awiri osungira zithunzi nthawi imodzi ngati kamera ili ndi malo awiri, ndiponso kusafufuta khadi zithunzi zisanasungidwe malo awiri osiyana.

Za chionetsero sindinena zambiri. Canon, Nikon, Sony ndi Fujifilm amakhalapo, pamodzi ndi opanga nyali ndi osindikiza maalubamu, ndipo n'zothandiza kugwira lenzi ndi manja usanaigule. Ngozi yake ndi yakuti munthu amatha kuthera tsiku lonse kumeneko akusirira zimene sangagule, phunziro limene analipira likudutsa.

Mtengo wa ulendo ndiwo ungalepheretse ambiri, chifukwa pamwamba pa tikiti ya msonkhano pali ndege, hotela, chakudya cha ku Las Vegas chomwe sichotsika mtengo, ndi maphunziro olipira paokha aja. Nkhani ya viza nayo yavuta. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa nzika za Malawi ndi Zambia zopempha viza ya alendo, ndipo malamulo otere amasinthasintha, kotero m'pofunika kufufuza ku ofesi ya kazembe musanalipire chilichonse. Kwa wojambula amene akukhala kale ku America kapena ku Canada, msonkhanowu ndi woyenera ndalama zake, makamaka ngati wajambulapo kale maukwati angapo ndipo akudziwa pamene ntchito yake imakakamira. Woyamba kumene angachite bwino kugwira kaye ntchito ngati wojambula wachiwiri pansi pa katswiri wa kwawo. Amene watsimikiza zopita alembetse msanga maphunziro awiri kapena atatu a anthu ochepa okhudza kuwala ndi kaimidwe, apatule tsiku loonerera oweruza, ndipo anyamule zithunzi zake za ukwati umodzi wathunthu, kuyambira pokonzekera mkwatibwi mpaka kuholo, zoti aonetse mphunzitsi aliyense amene angavomere kuziona.