Anusol ndi lactulose: mankhwala awiri a m'famase kwa wachinyamata woona magazi pochita chimbudzi

Wachinyamata wa ku Chibavi kapena wophunzira wa pa Mzuni akaona timagazi pa tishu atatha kudzithandiza, kawirikawiri sathamangira kuchipatala. Amalowa m'famase ya m'tauni, n'kunong'oneza kuti akufuna mankhwala a mudzi (kutupa kwa mitsempha ya kotulukira chimbudzi), ndipo amatuluka ndi Anusol. Mankhwalawa si oipa ayi, kungoti anthu amawasenzetsa ntchito yomwe si yawo.

Anusol amabwera pawiri: mafuta opaka a m'kachubu, ndi tizipolopolo tolowetsa kotulukira chimbudzi. Muli zinc oxide, bismuth ndi balsam of Peru, zomwe zimaphimba khungu lotupa, kuchepetsa kuyabwa ndi kuziziritsa kunyerenyetsa. Pa ntchito imeneyi ndi odalirika. Sambani ndi madzi ofunda, umitsani mongogunditsa nsalu osati kupukuta mwamphamvu, kenaka pakani m'mawa, usiku, ndi nthawi iliyonse mukachita chimbudzi. Kachipolopolo mumakachotsa m'pepala lake, mumagona chammbali mutapinda bondo, n'kulowetsa mbali yosongoka. Kamasungunuka ndi kutentha kwa thupi, choncho kakayenda m'thumba la thalauzi tsiku lonse mu Okutobala mudzakapeza kali phala. Kaviikeni m'madzi ozizira kasanatsegulidwe, kalimbanso. Pali mtundu wina wokhala ndi hydrocortisone, mankhwala ochepetsa kutupa. Umenewo osapitirira masiku 7, chifukwa umapyapyalitsa khungu. Wosakwana zaka 18 ayambe waonedwa ndi dokotala.

Nanga n'chifukwa chiyani ambiri amamaliza chubu chonse magazi osasiya? Kwa achinyamata, gwero limakhala kudzimbidwa. Chimbudzi cholimba chimang'amba khungu la pakhomo potulukira chimbudzi, n'kusiya kamng'alu kakang'ono. Mumakadziwa ndi ululu wake: pochita chimbudzi zimakhala ngati lezala, kenaka kuwotcha komwe kumatha ola kapena kuposa, ndipo magazi ake ndi ofiira kwambiri, kamzere chabe pa tishu kapena pambali pa chimbudzicho. Mudzi wamkati ndi wosiyana, umadontha magazi koma nthawi zambiri osapweteka. Kamng'alu kali ndi nkhanza yake. Munthu amaopa ululu, amagwira chimbudzi masiku awiri, chimbudzi chimauma kwambiri, ndipo potuluka chimang'amba pomwe paja. Mnofu wotseka pakhomopo nawo umakungika, magazi safika bwino pachilonda, chilonda chimachedwa kupola. Mafuta opaka sangafewetse chimbudzi. Ndipo kukankha kachipolopolo pamalo ong'ambika ndi kudzizunza. Pamenepo mafuta a m'chubu ndiwo abwinoko.

Lactulose ndi madzi otsekemera a m'botolo omwe amakokera madzi m'matumbo kuti chimbudzi chifewe. Wamkulu amayamba ndi mamililita 15 kawiri pa tsiku, poyezera kakapu kobwera ndi botolo, osati supuni ya tiyi yongoyerekeza. Cholakwika chachikulu chomwe anthu amachita ndi kupupuluma. Mankhwalawa amatha kutenga masiku 2 asanayambe kuoneka ntchito yake, ndiye wina amasiya tsiku loyamba, wina amamwa theka la botolo n'kutsegula m'mimba, komwe nako kumapweteka chilonda. Masiku oyamba mimba imafufuma ndipo mpweya umachuluka. Zikanyanya tsitsani mlingo, osasiya. Chomwe mukufuna ndi chimbudzi chofewa chotuluka osakankha, ndipo chikhale chotero kwa masabata angapo, popeza kamng'alu katsopano kamapola mkati mwa masabata 6. Lactulose amafunanso madzi, malita ngati 2 pa tsiku. Kuno ku Mzuzu mu Juni ndi Julayi ludzu silimveka, munthu amaswera ndi kapu imodzi ya tiyi, kenaka n'kumati mankhwala ndi abodza.

Kutsekemera kwa lactulose kumatopetsa pakamwa, ena amachita nako nseru. Kusakaniza ndi madzi kumathandiza. Koma ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha, ife tikuti gulani lactulose. Mapiritsi a bisacodyl amagwira msanga, usiku umodzi, koma amapotokola m'mimba ndipo si omwa tsiku ndi tsiku pa vutoli.

Botolo lokha silingapikisane ndi tchipisi masana, buledi woyera m'mawa ndi nsima ya ufa woyera madzulo. Mgaiwa, nyemba, nkhwani, bonongwe, mapapaya ndi mapeyala zimapezeka mumsika waukulu motchipa kuposa mankhwala. Kukhala m'beseni la madzi ofunda mphindi 10 mpaka 15 mukachoka kuchimbudzi kumamasula mnofu uja. Podzipukuta, nyuzipepala ndi zisononkho zisiyeni, madzi ndiwo sakanda. Foni isalowe nanu m'chimbudzi, chifukwa kukhalitsa pamenepo kumatupitsa mitsempha. Pa ululu imwani panado. Mankhwala okhala ndi codeine amadzimbitsa, monganso mapiritsi owonjezera magazi, omwe amadetsanso chimbudzi.

Pali magazi ena omwe Anusol ndi lactulose sangawathe. Akasakanikirana ndi chimbudzi chamadzi chokhala ndi zonanda, mimba ikupota, thupi likutentha, ameneyo angakhale kamwazi. Amene amasambira kunyanja ku Nkhata Bay kapena kulima m'madimba a mpunga ku Karonga akumbukire likodzo la m'matumbo, lomwe limapezeka poyeza chimbudzi ndipo mankhwala ake ndi praziquantel. Chimbudzi chakuda bii ngati phula musakumwa mapiritsi a magazi, chizungulire, kuwonda, mafinya kapena zilonda pamalopo, m'bale amene anadwala khansa ya m'matumbo, kapena magazi opitirira masabata 3 ngakhale chimbudzi chafewa: zimenezi n'zopita nazo kuchipatala cha Mapale kapena cha St John's, komwe angakutumizeni ku Mzuzu Central ngati pakufunika kuunika mkati. Kamng'alu kokana kupola dokotala amakalembera mafuta a glyceryl trinitrate opaka masabata 6 mpaka 8. Amapweteketsa mutu masiku oyamba, ndipo ambiri amawasiyira pamenepo asanagwire ntchito.